Makina Opalira Matabwa Akaleka Kukoka

Tagwirani pamwamba pa desiki lanu ndi chikhatho. Kodi mukumva kusalala kwake? Thabwa limenelo silidali lotero pamene linkachoka kwa anthu ocheka matabwa. Lidali lokhakhala, lodzala ndi zipsera za sowo, ndiponso mbali ina idali yochindikala kuposa inzake. Lidasalala chifukwa chakuti mmisiri wa matabwa adalipala.

Ku Liwonde kuli amisiri ambiri otere. Tauni imeneyi ili m'mphepete mwa mtsinje wa Shire. Kum'maŵa kwa mtsinjewo ndi boma la Machinga, ndipo munthu akaoloka mlatho kunka kumadzulo amaloŵa m'boma la Balaka. Amisiri a mbali zonse ziŵiri amapanga zitseko, mafelemu a mazenera, mipando, mabedi, matebulo ndi madesiki. Amagwiritsa ntchito matabwa a paini, bulugamu ndi malaina. Matabwa a mbaŵa ndi mlombwa ndi okongola ndiponso olimba, koma masiku ano akusoŵa chifukwa mitengo yake yachepa m'madera ambiri. Motero thabwa lililonse ndi chuma, ndipo mmisiri wanzeru safuna kuononga ngakhale limodzi.

Mmisiri akhoza kupala thabwa ndi chopalira cha m'manja chotchedwa puleni. Njira imeneyi ndi yabwino, koma imadya nthaŵi ndiponso imatopetsa mikono. Akapatsidwa ntchito yaikulu, monga kupanga madesiki a sukulu yonse, mmisiri amafuna makina opalira matabwa oyendera magetsi. Makina ameneŵa amapala m'mphindi zoŵerengeka matabwa amene munthu akadapala tsiku lathunthu. Koma limafika tsiku limene makinawo amaleka kukoka thabwa, ndipo ntchito yonse imaima. Eni madesiki amadikira, antchito amakhala manja lende, ndipo kunyumba kwa mmisiri ndalama sizifika. M'nkhani ino tiona chimene chimachititsa vuto limeneli ndi momwe mmisiri waluso amalithetsera.

Momwe makinaŵa amagwirira ntchito

Makina opalira matabwa adayamba kale m'maiko akutali. M'chaka cha 1828, William Woodworth wa ku America adalembetsa ku boma la kwawo makina amene adali ndi mipeni yozungulira ndiponso zitsulo zokokera thabwa ku mipeniyo. Makina a masiku ano asintha m'zinthu zambiri, komabe akutsata nzeru yomweyo.

M'munsi mwa makina muli tebulo lachitsulo losalala limene thabwa limagonapo. Tebuloli limakwera kapena kutsika mmisiri akamazunguza gudumu limene lili m'mbali mwa makinawo. Pamwamba pa tebulo pali chitsulo chobulungira chokhala ndi mipeni iŵiri, itatu kapena inai. Chitsulo chimenechi chimazungulira mwaliŵiro lalikulu, pafupifupi ka 5,000 pa mphindi imodzi pa makina ambiri. Mpata wa pakati pa tebulo ndi mipeni ndiwo umalamula kuchindikala kwa thabwa. Mmisiri akasiya mpata wa mamilimita 20, matabwa onse amatuluka ochindikala mamilimita 20.

Koma mipeni payokha siingakoke thabwa. Iyo imazungulira molimbana ndi thabwalo, kotero kuti ikadakhala yokha ikadalikankhira m'mbuyo. Ntchito yokoka ndi ya zitsulo zina ziŵiri zobulungira, zonga minsi yogonekedwa chopingasa. Amisiri amazitcha marola. Rola woyamba amakhala patsogolo pa mipeni, kumene thabwa limaloŵera. Iyeyu ali ndi timano toluma thabwa likadali lokhakhala. Rola wachiŵiri amakhala kuseri kwa mipeni, kumene thabwa limatulukira. Iyeyu ndi wosalala kuti asasiye zipsera pa thabwa lopalidwa kale, ndipo pa makina ena amakutidwa ndi mphira. Marola onse aŵiri amapanikizidwa pa thabwa ndi masipuling'i olimba.

Marola sathamanga ngati mipeni. Amayenda pang'onopang'ono ndiponso mosadukiza. Tiyeni tiŵerengere pamodzi kuti tione kufunika kwa zimenezi. Ngati mipeni ili itatu ndipo ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti ikusema thabwa ka 15,000. Ngati m'mphindi yomweyo thabwa layenda mamita 6, amene ndi mamilimita 6,000, mpeni uliwonse ukusema kamalo kosakwana theka la milimita. Timalo tating'ono chotero maso sangatione bwino, ndipo ndicho chifukwa chake thabwa limatuluka losalala. Tsono thabwa likamayenda modukiza, mipeni imasiya mizere pa ilo. Likaima kotheratu, mipeni imakhula malo amodzi mpaka thabwa limada ngati laŵauka ndi moto.

Ulendo wa mphamvu

Kuti timvetse kakonzedwe ka makinaŵa tiyenera kudziŵa kumene mphamvu yozunguza marola imachokera. Ulendo wake ndi wautali, ndipo umadzera pa Liwonde pomwepo. Pa mtsinje wa Shire pa Liwonde pali zitseko zikuluzikulu zachitsulo za Kamuzu Barrage, imene idamangidwa m'chaka cha 1965. Zitseko zimenezi zimalamula kuchuluka kwa madzi otsikira kumunsi. Madziwo akafika pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira amazunguza makina opanga magetsi. Kenaka magetsi amayenda m'mawaya mpaka kufika kumene mmisiri amagwirira ntchito.

M'kati mwa makina opalira mphamvu ija imapitiriza ulendo wake motere. Magetsi amazunguza mota. Mota imazunguza gudumu lotchedwa pule, ndipo pa pulepo pamadzera lamba wonga wa pa chigayo. Lambayo amazunguza chitsulo cha mipeni. Kuchokera pamenepo mphamvu ina imapatukira m'bokosi la magiya. Magiya amachepetsa liŵiro koma amaonjezera nyonga. Potuluka m'bokosimo mphamvu imazunguza gudumu la mano, gudumulo limakoka tcheni, ndipo tcheni chimazunguza magudumu ena a mano amene ali kumapeto kwa marola. Makina ena ali ndi mota yachiŵiri yoyendetsa marola okha, komabe ulendo wa mphamvu ndi wofanana.

Aliyense amene adayang'anitsitsa njinga ya kabaza akhoza kumvetsa zimenezi. Wopalasa amaponda mapedulo, gudumu la mano lalikulu limakoka tcheni, tcheni chimazunguza gudumu la mano laling'ono, ndipo tayala la m'mbuyo limakankha nthaka. Tcheni chikavuka, wopalasa angaponde chotani njinga siiyenda. Tayala likamaterereka m'matope, njinga siiyendanso ngakhale tcheni chili bwinobwino. Makina opalira nawonso ali ndi mavuto aŵiri omweŵa. Mwina mphamvu yadukira panjira isanafike ku marola, mwina marola akuzungulira ndithu koma akuterereka pa thabwa.

Kuopsa kwa kupupuluma

Makina akayamba kuvuta amaonetsa zizindikiro. Thabwa limaima pakati, kapena limayenda n'kuima, kuyenda n'kuima. Nthaŵi zina limakhotera mbali imodzi. Nthaŵi zinanso m'makinamo mumamveka phokoso lachilendo, kapena fungo la mphira wopserera.

Munthu wopupuluma akaona zimenezi amayamba kukankha thabwa ndi manja kapena ndi mimba. Kutero ndi kuika moyo pachiswe. Marola akalephera kugwira thabwa, mipeni ikhoza kuliponya m'mbuyo mwamphamvu ndi kuvulaza koopsa munthu amene waima kumbuyo kwake. Makina abwino ali ndi tizitsulo tolenjekeka patsogolo pa rola woyamba, timene timaluma thabwa likafuna kubwerera. Koma tizitsuloti tikamatana ndi utomoni sitigwira ntchito. Zala nazonso zikhoza kupanidwa pakati pa thabwa ndi tebulo rola akagwira mwadzidzidzi. Ena amatsegula chivundikiro makina ali mkati mogwira ntchito kuti asuzumire. Ameneŵa amaiŵala kuti mpeni susiyanitsa thabwa ndi chala.

Choncho lamulo loyamba ndi ili: mmisiri azimitse makina, azule pulagi kapena atseke swichi yaikulu ya pakhoma, ndipo adikire mpaka mipeni itaima. Amisiri osamala amakhoma swichiyo ndi loko naika kiyi m'thumba mwawo, kuopa kuti mnzawo angayatse makina mosadziŵa. Lamuloli ndi lofunika ngakhale pamene magetsi azima m'tauni monse. Munthu angaganize kuti imeneyo ndiyo nthaŵi yabwino yopisa dzanja m'makina, koma magetsi saodira pobwera. Akangoyaka swichi ili yotsegula, makina ena, makamaka akale, amadzuka okha.

Atatseka magetsi, mmisiri amatsitsa tebulo kuti thabwa lokanirira lija lituluke mosavuta. Kenaka amachotsa zivundikiro, ndipo amakumbukira kuti mipeni ndi yakuthwa ngakhale itaima. Tsopano amadzifunsa funso lofunika koposa: kodi marola akuzungulira kapena ayi? Kuti apeze yankho amalemba kamzere ndi choko pa rola aliyense, nayamba kuzunguza pule ndi dzanja pang'onopang'ono. Mizere ya choko ikasuntha, mphamvu ikufika ku marola. Ikapanda kusuntha, mphamvu yadukira panjira. Kachoko kakang'onoko kamamupulumutsa ku ntchito yomasula makina onse pachabe.

Marola akamazungulira koma osakoka

Mmisiri waluso amayamba ndi zinthu zapafupi, pakuti kaŵirikaŵiri vuto limakhala laling'ono. Choyamba amayang'ana thabwa lenilenilo. Thabwa laliŵisi kapena lonyoŵa limakakamira pa tebulo. Thabwa lopindika siligona bwino, ndipo marola amaligwira malo ochepa okha. Mwinanso tebulo lidakwezedwa mopitirira, kotero kuti mipeni ikuuzidwa kusema kwambiri nthaŵi imodzi. Ndi bwino kuchotsa mamilimita aŵiri kapena atatu okha ndi kubwerezanso, kusiyana ndi kufuna kumaliza zonse ulendo umodzi. Thabwa lalifupi kwambiri, losakwana masentimita 30, siliyenera kuloŵetsedwa pa makina ambiri, chifukwa limachoka kwa rola woyamba lisanagwidwe ndi wachiŵiri.

Chachiŵiri amayang'ana marola. Matabwa a paini, onga ochokera m'nkhalango zobzalidwa za pa phiri la Zomba ndi ku Chikangawa, ali ndi utomoni wambiri. Utomoniwo umasakanikirana ndi utuchi n'kumata m'timano ta rola woyamba. Timano tikadzala, rola amasanduka wosalala ndipo sangalumenso thabwa. Mankhwala ake ndi osavuta. Mmisiri amanyoŵetsa utomoniwo ndi palafini pang'ono, amaukwecha ndi burashi ya waya, napukuta ndi kansanza kouma. Rola wa mphira samukwecha ndi waya ayi, koma amamupukuta ndi kansanza konyoŵa ka madzi a sopo. Mphirayo ikang'ambika kapena kuuma chifukwa cha ukalamba, rola amafunika kukutidwanso kapena kusinthidwa. Pa nthaŵi yomweyo mmisiri amayeretsanso tizitsulo tolenjekeka tija, mpaka kalikonse kazigwedera pakokha.

Chachitatu amapapasa tebulo. Marola ayenera kugwira thabwa molimba, koma tebulo liyenera kulilola kuti literereke. M'nyengo ya dzinja chitsulo chimachita dzimbiri msanga, ndipo dzimbiri limakoka thabwa m'mbuyo pamene marola akulikokera kutsogolo. Mmisiri amachotsa dzimbirilo ndi sandipepa yosalala, kenaka amapakapo phula la kandulo ndi kupukuta mpaka tebulo liŵale. Sapakapo mafuta a galimoto, chifukwa mafutawo amaloŵa m'thabwa, ndipo pambuyo pake vanishi ndi guluu zimakana kugwira.

Chachinai amaona mipeni. Mpeni wakuthwa umasema, koma mpeni wobuntha umamenya. Ukamamenya umakankhira thabwa m'mbuyo mwamphamvu kuposa momwe marola angathere kulikoka. Mchenga wokhala pa matabwa amene adaunjikidwa pansi, ndiponso misomali yobisala m'matabwa akale, ndizo zimabunthitsa mipeni msanga. Mipeni yotero imachotsedwa kuti ikanoledwe, ndipo poibwezera iyenera kulingana msinkhu yonse.

Chachisanu amayang'ana kumapeto kwa marola, kumene kuli masipuling'i. Utuchi umaunjikana pansi pa zitsulo zogwira marolawo, numalimba ngati njerwa. Zikatero rola sangatsike kuti apanikize thabwa, ngakhale sipuling'i ikumukankha. Mmisiri amatukula rolayo ndi mtengo, nachotsa utuchi wonse. Sipuling'i ikathyoka kapena kufooka amaikapo ina, ndipo ndi bwino kusintha za mbali zonse ziŵiri pamodzi.

Marola akaima osazungulira

Mizere ya choko ikapanda kusuntha, mmisiri amalondola ulendo wa mphamvu monga momwe mlenje amalondolera mapazi a nyama. Sadumpha malo. Amayamba ndi chogwirira chimene chimalumikiza marola ku magiya, pakuti mwina wina adachisiya pakati ndipo makina alibe vuto lililonse.

Kenaka amafika pa lamba. Amamusindikiza ndi chala chachikulu pakati pa mapule aŵiri. Lamba womangidwa bwino amabonyeka pang'ono chabe. Wolobodoka amaterereka pa pule, amatentha, ndipo ndiye amene amatulutsa fungo la mphira lija. Mmisiri amamasula mabawuti a mota ndi sipanala, amaisuntha pang'ono kuti lamba akungike, namanganso. Koma samukunga mopitirira, chifukwa lamba wokungika kwambiri amapha mabering'i, amene ndi timphete ta zitsulo tothandiza kuti zitsulo zina zizizungulira mofeŵa. Lamba wong'aluka kapena wonyezimira m'mbali chifukwa cha kutha amasinthidwa. Pamsana pa lamba pamakhala nambala yosonyeza kukula kwake, ndipo mmisiri amagula wa nambala yomweyo. Ngati malamba ali aŵiri kapena atatu oyendera limodzi, amasintha onse, pakuti watsopano akakhala pakati pa akale amasenza katundu yekha.

Akachoka pa lamba amafika pa tcheni. Mwina chavuka, mwina chaduka, mwinanso chatalika chifukwa cha kutha ndipo chikudumpha mano. Makina ambiri ali ndi kagudumu kokungira tcheni, kamene mmisiri amakasuntha kuti tchenicho chisalobodoke. Tcheni chouma ndi utuchi amachitsuka m'palafini ndi kuchidontheza mafuta. Amayang'ananso mano a magudumu. Mano abwino amakhala ofanana mbali zonse, koma otha amasongoka ndi kupindika ngati mbedza. Tcheni chatsopano chikaikidwa pa mano otha chimaonongeka msanga, choncho ziŵirizi amazisintha pamodzi. Polumikiza tcheni pali kachitsulo kokhomera konga ka pa njinga. Mutu wake wotseka uyenera kuyang'ana kumene tcheni chikupita, kuti kasakodwe ndi kuvuka.

Nthaŵi zina lamba ali bwino, tcheni chikuyenda, gudumu la mano likuzungulira, koma rola ali chiimire. Apa wophunzira ntchito amasokonezeka, koma mmisiri wodziŵa amamwetulira. Gudumu la mano limalumikizidwa ku rola ndi kachitsulo kakang'ono, kosaposa chala cha kaniŵeniŵe, kamene kamakhala m'kangalande pakati pa ziŵirizo. Amisiri amakatcha kiyi, ngakhale kuti sikatsegula chitseko. Pa makina ena m'malo mwake mumakhala kapini kopyoza. Thabwa likakanirira mwamphamvu, kachitsuloka kamaduka, ndipo gudumu limangozungulira lokha. Opanga makina ena amachita dala kuika kapini kosalimba kwambiri, kuti pa nthaŵi ya vuto kaduke ikoko m'malo mwa magiya amene ndi okwera mtengo. Chifukwa cha ichi si nzeru kuwotcherera gudumu ku rola kapena kukhomapo chitsulo chilichonse chotola pansi. Makina angayende lero, koma tsiku lina chidzathyoka ndi chinthu chachikulu. Mmisiri amaikapo kiyi wina wolingana ndi woyamba uja, ndiponso amafufuza chimene chidachititsa kuti thabwa likanirire.

Pomalizira amafika pa bokosi la magiya. Amaona ngati muli mafuta okwanira, pakuti magiya ouma amadyana okhaokha. Amakhuthulira mafuta akalewo m'chitini ndi kuwayang'ana. Akaonamo tizidutswa ta chitsulo amadziŵa kuti giya ina yaguluka mano kapena bering'i yaphwanyika. Pomasula bokosilo amayala nsanza yoyera, nandandalika chitsulo chilichonse motsatana ndi momwe chatulukira, kuti pobwezera asasokoneze. Chitsulo chokanirira sachimenya ndi nyundo mwachindunji, koma amatsamiza kamtengo pakati. Giya yothyoka amainyamula popita kukafuna ina, kuti akayerekeze kukula kwake ndi kuŵerenga mano ake.

Kulinganiza ndi kuyesa

Vuto likapezeka ndi kukonzedwa ntchito siinathe. Marola ayenera kulinganizidwa ndi mipeni. Mmisiri amatenga kachipika kosalala ka mtengo wolimba, monga mlombwa, nakaika pa tebulo pansi pa mipeni. Amakweza tebulo mpaka mpeni ungokhudza kachipikako. Kenaka, osasunthanso tebulo, amakankhira kachipika pansi pa rola. Rola ayenera kukhala m'munsi pang'ono kuposa mipeni, pafupifupi milimita imodzi pa makina ambiri, kuti athe kupanikiza thabwa. Muyeso weniweni umalembedwa m'buku limene limabwera ndi makinawo, ndipo mmisiri wanzeru amalisunga bwino.

Amayesa kudzanja lamanja ndi kudzanja lamanzere, pakuti rola akatsika mbali imodzi thabwa limakhota. Pomanga masipuling'i amaŵerenga: akazunguza bawuti ya mbali ino katatu, ya mbali inayonso amaizunguza katatu. Masipuling'i akathina kwambiri, timano ta rola timasiya zipsera zimene mipeni siitha kufafaniza. Akalobodoka, thabwa limatererekanso ngati poyamba paja.

Tsopano mmisiri amaŵerenga zida zake kuti atsimikize kuti palibe sipanala yotsalira m'makina. Amazunguzanso pule ndi dzanja kuti amve ngati pali chokhula. Amabwezera zivundikiro zonse, amapisira malaya, ndipo amauza anzake kuti apatuke. Akatero ndi pamene amatsegula magetsi. Poyamba amawasiya makina kuti ayende opanda thabwa, iye ali tcheru kumvetsera kulira kwake. Kenaka amaloŵetsa thabwa lachabe, ataima pambali osati kumbuyo kwake. Thabwalo likayenda lokha mosadukiza, ndipo likatuluka losalala ndi lolingana mbali zonse, ndiye kuti ntchito yatheka. Pamenepo ndipo amaloŵetsa matabwa a eni ake.

Kusamala kuposa kukonza

Mavuto ambiri amene taonaŵa akhoza kupeŵedwa. Mmisiri wabwino amasesa utuchi m'makina tsiku lililonse poŵeruka. Amapukuta marola, amapaka tebulo phula, amadontheza mafuta pa tcheni, ndipo amapaka girizi m'malo ofunika pa nthaŵi yake. Amasasa mchenga pa thabwa ndi kufufuza misomali asanaliloŵetse. Ntchito zimenezi ndi za mphindi zochepa, koma zimasunga makina zaka zambiri.

Luso lotere munthu sabadwa nalo. Ena amaphunzira kwa amisiri achikulire, poyamba kusesa ndi kulandira matabwa, kenaka kugwira makina. Ena amapita ku makoleji a ntchito zamanja, monga la Nasawa m'boma la Zomba ndi la Soche ku Blantyre. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Anyamata ndi atsikana omwe akhoza kuphunzira ntchito imeneyi. Koma inu mukadali ana musayandikire makina otere popanda wamkulu, ndipo musawagwire ngakhale ataima.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri amene amayamba wazimitsa magetsi, nayang'ana, naganiza, ndi kulondola ulendo wa mphamvu kuyambira pa zapafupi, amapeza vuto msanga kuposa amene amathamangira nyundo. Iye amasunga zala zake, amasunga makina ake, ndiponso amasunga matabwa amene mitengo yake idatenga zaka zambiri kuti ikule.

Mau ofunika kuwadziŵa

Kukhakhala: kusasalala.
Kuchindikala: kunenepa kwa chinthu chophwatalala monga thabwa.
Utuchi: tizinyalala totuluka pocheka kapena popala matabwa.
Kubuntha: kutha kwa ukuthwa wa mpeni.
Kulobodoka: kusamangika molimba.
Kupupuluma: kuchita zinthu mothamanga, mosaganiza bwino.

Mafunso

1. Tchulani mitundu itatu ya matabwa imene amisiri amagwiritsa ntchito.
2. Kodi rola woyamba amasiyana bwanji ndi rola wachiŵiri? Nanga chifukwa chake nchiyani?
3. Fotokozani ulendo wa mphamvu kuchokera pa mota kufikira pa thabwa.
4. Chifukwa chiyani mmisiri ayenera kutseka swichi ngakhale magetsi atazima?
5. Kodi choko chimamuthandiza bwanji mmisiri?
6. Tchulani zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti marola aziterereka pa thabwa.
7. Chifukwa chiyani si nzeru kuwotcherera gudumu la mano ku rola?
8. Kodi mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Ntchito

1. Makina ena amakoka thabwa mamita 6 pa mphindi imodzi. Kodi adzatenga mphindi zingati kupala matabwa 10 otalika mamita 3 lililonse?
2. Yang'anitsitsani njinga. Jambulani tcheni ndi magudumu ake a mano, ndipo lembani maina ake.
3. Pangani ziganizo zanu pogwiritsa ntchito mau aŵa: dzimbiri, utomoni, kulondola, kulinganiza.